Kapaipi Kakang'ono Koteteza Kapamba

M'gawo lathu la mwezi watha tinakambirana za timiyala timene timapangika m'thumba la ndulu, ndiponso mmene kadyedwe ndi kunenepa zimachititsira kuti timiyalati tichuluke. Mwezi uno tipitirize pamene tinalekezera. Nthawi zina kamwala kamodzi kamatuluka m'thumbamo n'kukakakamira m'njira imene ndulu imadutsa popita m'matumbo. Zikatero maso amachita chikasu, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi chimatuwa, thupi limayabwa, ndipo ena amatentha thupi mpaka kunjenjemera. Pamenepa masamba ndi zipatso sizingathandizenso. Kamwalako kayenera kukachotsedwa kuchipatala.

Kale madokotala ankachita kung'amba pamimba kuti akapeze. Masiku ano pali njira yofikira pamalopo podzera pakamwa, imene amaitchula mwachidule kuti ERCP. Njirayi yapulumutsa anthu ambiri, koma paja walira mvula walira matope. Vuto limene limabwera kawirikawiri pambuyo pake ndi kutupa kwa kapamba, kumene kuchipatala amati pancreatitis. Madokotala ali ndi njira zochepetsera ngoziyi, ndipo imodzi mwa njirazo ndi kusiya m'kati kapaipi kakang'ono kotchedwa stent. Kuika kapaipiko ndi ntchito ya dokotala, koma kudziwa kuti kaikidwa pati, kuyang'anira wodwala usiku woyamba, ndi kutsimikiza kuti katuluka pa nthawi yake, ndi ntchito imene imagwera ife a pakhomo.

Tikunena kapamba uti?

Mawu akuti kapamba timawagwiritsa ntchito pa ziwalo ziwiri, choncho tiyambe tagwirizana. Pali kapamba wa kumanzere, pansi pa nthiti, amene amatupa mwana akamadwala malungo pafupipafupi. Si ameneyo. Tikunena uja wogona chopingasa kuseri kwa chifu, wotalika pafupifupi masentimita 15, amene amapanga insulin ndipo timamutchula tikamakamba za matenda a shuga.

Kuwonjezera pa insulin, kapamba ameneyu amatulutsa madzi ogaya chakudya okwana lita imodzi kapena kuposerapo tsiku lililonse. Madziwa ndi amphamvu kwambiri, chifukwa ndi amene amaphwanya mafuta, nyemba, mazira ndi nsima kuti thupi lipeze zofunika. Ali m'kati mwa kapamba amakhala ngati agona, ndipo amadzuka akafika m'matumbo. Akatsekeredwa n'kudzukira m'kati momwemo, amayamba kugaya kapamba amene wawapangayo. Kumeneko ndiye kutupa kwa kapamba, ndipo ululu wake ndi woopsa.

Chofunika kuchimvetsa ndi ichi: njira ya ndulu yochokera ku chiwindi ndi njira ya madzi a kapamba zimakumana pamalo amodzi, n'kulowera limodzi m'chigawo choyamba cha matumbo aang'ono podzera pa kachibowo kamodzi. Kachibowoko kazunguliridwa ndi kamnofu kamene kamatseka ndi kutsegula. Zili ngati ngalande ziwiri za m'dimba zimene zimathira madzi pa khomo limodzi. Munthu amene akukonza ngalande imodzi sangalephere kuponda pakhomo la inzake.

Zimene zimachitika pa ERCP

Wodwala amasala kudya kwa maola 6 mpaka 8, kenako amapatsidwa mankhwala ogonetsa ndipo amagona chafufumimba kapena chammbali. Dokotala amalowetsa paipi yofewa yokhala ndi kamera ndi nyali kunsonga. Paipiyo imadutsa pakamwa, kummero, m'chifu, mpaka kukafika pa kachibowo kaja. Kudzera m'kati mwa paipiyo amalowetsa kawaya kakang'ono m'njira ya ndulu, amathiramo mankhwala amadzi ooneka pa ekisire, ndipo akaona pamene pali kamwala amacheka pang'ono kamnofu ka pakhomo kaja n'kukokera kamwalako m'matumbo. Zikayenda bwino ntchito yonse imatenga theka la ola kapena ola limodzi. Njira yomweyi amaigwiritsanso ntchito ngati njira ya ndulu yafinyidwa ndi chotupa, kapena ngati ndulu ikudontha pambuyo pa opareshoni.

Njirayi si yatsopano. Madokotala a ku America anayamba kufika pa kachibowoka ndi paipi ya kamera mu 1968, ndipo mu 1974 madokotala a ku Japan ndi a ku Germany anasonyeza kuti n'zotheka kucheka kamnofu kaja popanda kung'amba mimba. Komabe mpaka lero imachitika m'zipatala zazikulu zochepa zokha, zimene zili ndi zida komanso madokotala amene anaiphunzira mwapadera. N'chifukwa chake odwala ambiri a kwathu kuno amayenda ulendo wautali kuti akaipeze, ena mpaka ku South Africa kapena ku India. Mtunda umenewu tiukumbukire, chifukwa ubweranso m'nkhani yathu.

Chimatupitsa kapamba n'chiyani?

Kachibowo kaja n'kakang'ono kwambiri, ndipo kupeza njira ya ndulu sikophweka nthawi zonse. Dokotala akayesa kangapo, pakhomopo pamatupa, monga mmene chala chimatupira chikapanidwa ndi chitseko. Nthawi zina kawaya kamaphonya n'kulowa m'njira ya kapamba, kapena mankhwala a ekisire aja amathiridwa mmenemo. Kutentha kwa chida chochekera nakonso kumawonjezera. Pakhomo pakatupa, madzi a kapamba amasowa potulukira, amadzazana m'kati, ndipo vuto limayamba. Zimenezi zimachitika ngakhale kwa dokotala waluso ndi wosamala.

Mabuku a zachipatala amasiyana pang'ono powerengera, koma ambiri amati mwa anthu 100 alionse amene achitidwa ERCP, pakati pa 3 ndi 10 amatupa kapamba. Mwa anthu amene ali pachiopsezo chachikulu, chiwerengerocho chimafika pafupifupi 15. Ambiri mwa iwo amadwala pang'ono, amagona m'chipatala masiku awiri kapena atatu n'kuchira. Koma ochepa amadwala kwambiri, impso ndi mapapo zimafooka, amakhala milungu m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo ena amamwalira.

Ambiri a ife tinamva kuti kutupa kwa kapamba ndi matenda a anthu omwa mowa, ndipo poti m'makomo mwathu mulibe mowa, tingaganize kuti nkhaniyi si yathu. N'zoona kuti mowa ndi timiyala ta ndulu ndiwo amayambitsa matendawa kawirikawiri. Koma kutupa kobwera pambuyo pa ERCP sikuyang'ana ngati munthu amamwa kapena ayi. Chodabwitsa n'chakuti amene ali pachiopsezo chachikulu ndi anthu ooneka athanzi: amayi kuposa abambo, achinyamata ndi a zaka zapakati kuposa okalamba, ndiponso amene njira yawo ya ndulu sinakule ndipo alibe chikasu. Kapamba wathanzi amatulutsa madzi ambiri amphamvu, choncho akatsekeredwa amavulala msanga. Enanso amene ali pachiopsezo ndi amene anadwalapo kapamba kale, makamaka ngati anadwala pambuyo pa ERCP ina.

Ntchito ya kapaipi

Tikaona anthu akukonza msewu podutsa madzi, amayamba aika kalavati kuti madziwo apitirize kuyenda pamene dothi lili losakhazikika. Kapaipi ka kapamba kamagwira ntchito yomweyo. Ndi kapulasitiki kofewa, koonda ngati kamtengo ka machesi, kosakwana mamilimita 2 m'mimba mwake, ndipo kutalika kwake ndi masentimita ochepa chabe. Dokotala amakalowetsa m'njira ya kapamba, nsonga imodzi n'kutsala m'matumbo. Ngakhale pakhomo patupe bwanji, madzi a kapamba amadutsa m'kati mwa kapaipiko. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri kutupa kumaphwa, ndipo ntchito ya kapaipi imakhala yatha. Kanapangidwa moti kazisuntha kokha, kagwere m'matumbo, n'kutuluka ndi chimbudzi wodwala osamva kanthu, mwinanso osakaona.

Umboni wake ulipo. Mu 1998 madokotala a mumzinda wa Charleston ku America anafalitsa kafukufuku wa odwala 80 amene anali pachiopsezo chachikulu. Mwa amene sanaikidwe kapaipi, pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anatupa kapamba, pomwe mwa amene anaikidwa, anali ochepera mmodzi mwa 10. Kafukufuku wina wambiri amene anatsatira, ataphatikizidwa, anasonyeza kuti kapaipi kamachepetsa ngoziyi ndi theka kapena kuposerapo mwa odwala oterewa, ndipo makamaka kamachepetsa kutupa koopsa kuja.

Ndiye bwanji osangoika aliyense? Chifukwa kuika kapaipi kumafuna kulowa dala m'njira ya kapamba, malo omwewo amene tikufuna kuwateteza. Dokotala akayesa kukaika n'kulephera, ngozi imakula kuposa akanangosiya. N'chifukwa chake malangizo amene bungwe la madokotala a ntchitoyi ku Ulaya linatulutsa mu 2020 amati kapaipi kaziikidwa mwa odwala osankhidwa, makamaka pamene kawaya kalowa kale m'njira ya kapamba mosafuna, kapena mankhwala a ekisire athiridwamo. Choncho nthawi zambiri dokotala amasankha ali m'kati mwa ntchito. Sangakulonjezeni dzulo lake kuti aika kapena saika. Chimene angachite ndi kukuuzani akamaliza, ndipo ifenso tiyenera kufunsa.

Mankhwala oika kumbuyo ndi diripi

Kapaipi sikagwira ntchito kokha. Chitetezo choyamba, chimene chimaperekedwa kwa pafupifupi wodwala aliyense, ndi mankhwala otsika mtengo amene ambiri timawadziwa: diclofenac kapena indomethacin, mamiligalamu 100, oikidwa kumbuyo kotulukira chimbudzi ERCP ikangotsala pang'ono kuyamba kapena ikangotha. Mu 2012 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inafalitsa kafukufuku wotsogoleredwa ndi Dr. Joseph Elmunzer, wa odwala 602 a chiopsezo chachikulu. Mwa amene analandira indomethacin, pafupifupi 9 mwa 100 alionse anatupa kapamba. Mwa amene sanalandire, anali pafupifupi 17.

Zotsatirazi zinadzutsa funso lomveka: ngati mankhwala otchipa chonchi akugwira ntchito, kapaipi n'kofunikabe? Yankho linabwera mu 2024 m'magazini ya The Lancet. Odwala 1,950 a chiopsezo chachikulu m'zipatala 20 za ku America ndi ku Canada anagawidwa m'magulu awiri ofanana a anthu 975. Gulu loyamba linalandira indomethacin yekha, ndipo 145 anatupa kapamba. Gulu lachiwiri linakonzedwa kuti lilandire indomethacin pamodzi ndi kapaipi, ndipo amene anatupa anali 110. Apa tikuphunzirapo zinthu ziwiri. Choyamba, kwa wodwala wa chiopsezo chachikulu, ziwirizi pamodzi zimateteza kuposa mankhwala okha. Chachiwiri, ngakhale zonse zitachitika bwino, ena amadwalabe. N'chifukwa chake maso a wodikirira wodwala ndi ofunikabe.

Tichenjezane pano: musakagule mapiritsi a diclofenac kuti wodwala amwe asanapite kuchipatala. Kafukufuku anasonyeza kuti akamwedwa pakamwa sateteza kapamba ngati oika kumbuyo aja. Komanso mankhwalawa ndi oopsa kwa munthu wa vuto la impso, wa zilonda za m'mimba, amene thupi lake limadana nawo, ndi mayi amene pakati pake pakula. Kwa odwala oterewa madokotala amagwiritsa ntchito njira yachitatu, yomwe ndi kupereka madzi ambiri a diripi a mtundu wa Ringer's lactate pa nthawi ya ERCP ndi maola angapo pambuyo pake. Nayonso njirayi imafuna kusamala mwa munthu wa mtima wofooka. Tinene poyeranso kuti wodwala asachite manyazi kapena kukana mankhwala oika kumbuyo. Ndi kanthu ka mphindi imodzi kamene kangamupulumutse ku masiku ambiri a ululu.

Timapaipi tiwiri tosiyana

Apa ndi pamene mabanja ambiri amasokonezeka. Dokotala akati "taika stent", pangakhale zinthu ziwiri zosiyana kwambiri.

Kapaipi ka m'njira ya kapamba ndi kamene tafotokoza kaja. Ndi kakang'ono, ntchito yake ndi kuteteza, ndipo kayenera kukhala katatuluka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Kakakhalitsa kamatsekeka, ndipo kangawononge njira ya kapamba imene kanabwera kudzateteza.

Kapaipi ka m'njira ya ndulu ndi kokulirapo ndi kotalikirapo. Kamaikidwa kuti ndulu izidutsa pamene kamwala kakanika kutuluka kapena pamene chotupa chafinya njira. Kameneka sikateteza kapamba, ndipo sikanapangidwe kuti kazituluka kokha. Ngati ndi kapulasitiki, kawirikawiri kamafunika kuchotsedwa kapena kusinthidwa pakatha miyezi itatu. Kakaiwalika, kamatsekeka ndi zinyalala za ndulu, timiyala tina timamera pomwepo, ndipo tizilombo timalowa m'njira ya ndulu mpaka m'magazi. Palinso timapaipi tachitsulo timene timakhala nthawi yaitali, timene kawirikawiri timaikidwa pa vuto la chotupa.

Wodwala mmodzi angatuluke ali ndi timapaipi tonse tiwiri. Ndipo poti chikasu chatha, chilakolako cha chakudya chabwerera, munthu amadziona kuti wachira, tsiku lobwerera kuchipatala n'kuiwalika, makamaka ngati ndalama ya ulendo ili yovuta. Choncho musachoke pachipatala musanamve mayankho a mafunso atatu awa: Mwaika kapaipi? Mwakaika m'njira iti, ya kapamba kapena ya ndulu? Kadzaonedwa kapena kuchotsedwa pa deti liti, ndipo kuti? Pemphani kuti mayankhowo alembedwe m'buku la kuchipatala la wodwalayo, ndipo mukafika kunyumba lembani detilo pa kalendala.

Musanalowe m'chipinda

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funso loyamba kwa dokotala ndi lakuti: kodi ERCP ikufunikadi? Njira yotsimikizika yopewera kutupa kwa kapamba ndi kusachita ERCP pamene siyofunika. Masiku ano madokotala amaigwiritsa ntchito pochiza, osati pongofufuza. Ngati funso ndi lakuti kamwala kalipo kapena ayi, pali sikani zina, monga ya MRCP, zimene zimaonetsa njira ya ndulu popanda kulowetsa kanthu pa kachibowo kaja. Munthu amene akungomva kupweteka m'mimba atachotsedwa thumba la ndulu, koma magazi ndi sikani zili bwinobwino, kawirikawiri sapindula ndi ERCP, chonsecho ndi amene ali pachiopsezo chachikulu. Koma ngati pali chikasu, kutentha thupi ndi kamwala kooneka, kuzengereza ndiye koopsa kuposa ERCP. Musalole kuti mantha a zimene mwawerenga pano akubwezeni.

Funso lachiwiri ndi lakuti: mukonza zotani kuti muteteze kapamba? Funsani mwaulemu za mankhwala oika kumbuyo, za diripi, ndi za kapaipi. Dokotala wabwino sakhumudwa ndi funso lotere.

Ifenso tili ndi zoti tiwauze. Nenani ngati wodwala anadwalapo kapamba, ngati anachitidwapo ERCP ndi zimene zinatsatira, ngati ali ndi vuto la impso, mtima, mphumu kapena zilonda za m'mimba, ndiponso ngati thupi lake linadanapo ndi aspirin, ibuprofen, diclofenac kapena mankhwala a ekisire. Mayi anene ngati ali ndi pakati kapena akukayikira, chifukwa pamagwiritsidwa ntchito ekisire. Tengani mankhwala onse amene wodwala amamwa, m'mapaketi mwake, kuphatikizapo azitsamba. Mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin ndi clopidogrel, komanso a shuga, amafuna dongosolo lapadera, ndipo ndi dokotala yekha amene anganene tsiku losiya ndi loyambiranso.

Maola 24 oyamba

Kutupa kwa kapamba kumaonekera kawirikawiri m'maola ochepa, ndipo ambiri amakhala atayamba kumva tsiku lisanathe. M'zipatala zambiri wodwala amayang'aniridwa maola angapo, mwina n'kuyezedwa magazi, kenako amatulutsidwa tsiku lomwelo. Apa ndi pamene mtunda uja ukubwerera. Amene wachokera kutali asakwere basi kapena ndege tsiku lomwelo. Konzani zogona kwa wachibale kapena pamalo ena pafupi ndi chipatalacho kwa usiku umodzi kapena uwiri, ndipo muike ndalama yake m'dongosolo la ulendo kuyambira pachiyambi. Ululu wa kapamba ukayambira pakati pa ulendo usiku, kutali ndi chipatala chimene chikudziwa zimene zachitika, mumakhala mwataya maola amtengo wapatali. Wodwala asayendetse galimoto kapena njinga, asasaine mapepala ofunika, ndipo asagone yekha, chifukwa mankhwala ogonetsa amakhala adakali m'thupi.

Kupweteka pang'ono kummero, kudzimbidwa ndi mpweya ndiponso kugeya ndi zinthu zoyembekezereka, ndipo zimachepa maola akamapita. Ululu wa kapamba ndi wina. Umakhala pamwamba pa mchombo, pansi pa chifuwa, sutha, umakulirakulira, ndipo kawirikawiri umalasa mpaka kumsana. Wodwala amachita nseru, amasanza, amakana chakudya, ndipo amapezako bwino akakhala tsonga n'kuweramira kutsogolo. Lamulo losavuta ndi ili: ululu umene ukuchepa tingauyang'anire, ululu umene ukukula tithamange nawo.

Palinso zizindikiro za mavuto ena a ERCP zimene zimafuna changu chomwecho. Kutentha thupi, kunjenjemera ndi kubwerera kwa chikasu zimasonyeza tizilombo m'njira ya ndulu. Kusanza magazi, chimbudzi chakuda ngati phula la pamsewu, chizungulire ndi kufooka zimasonyeza kutaya magazi pamene anacheka paja, ndipo zimenezi zingabwere ngakhale patapita masiku angapo. Mimba youma gwa, yosakhudzika, pamodzi ndi kupuma movutika, ingasonyeze kuti thumbo labooka.

M'makomo mwathu timadalira makala, nsalu yonyowetsa m'madzi otentha, mandimu ndi adyo pa mavuto ang'onoang'ono a m'mimba. Pa ululu uwu ayi. Palibe chimene zimenezi zingachite pa kapamba wotupa, ndipo zimangochedwetsa ulendo. Musamupatse wodwala chakudya, zitsamba kapena mapiritsi ena opha ululu. Pitani naye kuchipatala chapafupi chimene chingamugoneke ndi kumuika diripi, mutanyamula buku lake, ndipo munene pofika pomwepo kuti wachitidwa ERCP pa tsiku lakuti. Ukakhala usiku musadikire kuti kuche. Likakhala Sabata musadikire kuti dzuwa lilowe, pakuti kuthamangira kuchipatala ndi wodwala ndi ntchito yachifundo. Kuchipatala adzayeza amylase kapena lipase m'magazi. Zikakwera katatu kuposa mlingo wake pamodzi ndi ululu wotere, amadziwa kuti ndi kapamba. Chithandizo chake ndi madzi a diripi, mankhwala amphamvu opha ululu ndi kuyang'anira impso ndi mapapo, ndipo chikayamba msanga ambiri amachira bwinobwino.

Ngati zonse zili bwino, wodwala ayambe ndi madzi pang'onopang'ono pamene anamwino alola, kenako phala lopyapyala lopanda nsinjiro zambiri kapena majarini, mpunga wofewa, nthochi, mbatata yophika. Zokazinga, mandasi, tchipisi ndi ndiwo zosambira m'mafuta zidikire masiku angapo.

Tsiku la ekisire

Ngati kapaipi kanaikidwa m'njira ya kapamba, ntchito sinathe mpaka titatsimikiza kuti katuluka. Malangizo a ku Ulaya aja amati zimenezi zionedwe pakati pa masiku 5 ndi 10. Zipatala zina zimapereka masiku ochulukirapo pang'ono, choncho tsatirani deti limene mwapatsidwa. Chofunika ndi ekisire wamba ya pamimba, imene imapezeka ngakhale m'zipatala za m'maboma. Musanachoke kuchipatala chachikulu, funsani ngati mungakajambulitse kufupi ndi kwanu, ndiponso kuti chithunzicho mudzachitumize bwanji kwa dokotala amene anaika kapaipiko. Amene wachitidwa ERCP kunja kwa dziko apemphe kalata yofotokoza zonse, kuphatikizapo mtundu wa kapaipi, asanakwere ndege yobwerera.

Musadalire kuyang'ana m'chimbudzi, chifukwa kapaipiko n'kakang'ono moti kamadutsa osaoneka. Musadalirenso kuti wodwala akupeza bwino, chifukwa kapaipi kotsalira sikapweteka poyamba. Ekisire ikaonetsa kuti kadakalipo, musade nkhawa. Amakachotsa ndi paipi ya kamera yodzera pakamwa, ntchito ya mphindi zochepa, yopepuka kuposa ERCP.

Tikumbukirenso kuti ERCP imachotsa kamwala ka m'njira, koma thumba la ndulu limene linapanga kamwalako limakhala lidakalipo, mwina ndi timiyala tina. Madokotala kawirikawiri amalangiza kuti thumbalo lichotsedwe pasanapite nthawi yaitali, kuti kamwala kena kasatsikenso. Funsani za deti la opareshoniyo nthawi yomweyo.

Kwa ife amene timayendera odwala m'midzi ndi m'makwalala athu, apa pali ntchito yooneka. Tikamva kuti wina wabwera kuchokera ku ERCP, tisangofunsa kuti mwadzuka bwanji. Tipemphe kuona buku la kuchipatala, tifunse ngati muli kapaipi, tione deti, ndipo ngati vuto ndi ndalama ya ulendo, tisonkherane deti lisanakwane. Mutu umodzi susenza denga, ndipo wodwala amene anali m'tulo pamene dokotala ankalankhula sangakumbukire zonse yekha.

Mwezi wamawa tidzakambirana za kadyedwe ka munthu amene wachotsedwa thumba la ndulu, ndi mmene tingaphikire ndiwo zokoma ndi mafuta ochepa. Mpaka nthawi imeneyo, khalani athanzi inu ndi a pabanja panu.